Malaputopu Aang'ono: Zimene Wogula wa ku Kafue Amapindula ndi Zimene Amataya

KAFUE. Laputopu yaing'ono ndi kompyuta imene munthu atha kuika m'cola ca mabuku ndi kuyenda nayo tsiku lonse osamva kuwawa paphewa. Amalonda amawerengera m'gulu limeneli makina olemera kilogiramu 1.5 kapena kucepera apo, amene sikirini yake siipitirira mainchesi 14.

Kwa zaka zoposa 40 akatswiri akhala akuyesetsa kucepetsa makinawa. Pa zaka zonsezi caoneka kuti ciliconse cimene cacotsedwa pofuna kupeputsa laputopu cimalipiridwa kwina: pa kukula kwa mabatani, pa malo osungira zinthu, pa mphamvu ya batire, kapena pa mtengo. Wogula wa ku Kafue ayenera kudziwa kumene malipirowo agwera, pakuti opanga makinawa kawirikawiri amalingalira za munthu amene magetsi ndi intaneti sizimuthera.

Cifukwa cake nkhaniyi ikhudza Kafue

Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa mzinda wa Lusaka, pamsewu waukulu wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone. Ndi tauni ya mafakitale, yodziwika ndi kampani ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndiponso fakitale ya zitsulo. Kulinso masukulu monga Kafue Boys ndi Naboye. Anthu ambiri a kumeneko amakwera minibasi m'mawa kupita ku nchito kapena ku maphunziro ku Lusaka ndi kubwerera madzulo. Kwa anthu otere, kulemera kwa cola ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Mtsinje wa Kafue ukapitirira tauniyi umalowa m'mapiri, kumene kuli malo awiri aakulu opangira magetsi: Kafue Gorge Upper, amene anayamba nchito m'zaka za m'ma 1970, ndi Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, amene anamalizidwa mu 2023. Koma kuyandikana ndi malowa sikunapulumutse anthu a ku Kafue pamene madzi anacepa m'madamu mu 2015, 2019 ndi 2024. Cilala ca 2024, cimene Boma linalengeza mu February caka comweco kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinafikitsa kuzima kwa magetsi pa maola 21 patsiku m'madera ena pofika mu September.

Kompyuta ya patebulo imafa nthawi yomweyo magetsi akazima. Dziko lino linaona kuwawa kwa zimenezi mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a phunziro la makompyuta. M'masukulu ambiri makina anali ocepa, ana analemba mosinthana m'magulu, ndipo kwina magetsi atazima anadikira mpaka usiku. Laputopu ili ndi batire lake, ndipo imadya magetsi ocepa kwambiri poyerekeza ndi kompyuta ya patebulo. Ici ndico cimene cimaipatsa mtengo woposa kupepuka cabe.

Kumene makinawa acokera

Imodzi mwa makompyuta oyamba onyamulika inali Osborne 1 ya mu 1981. Inali yolemera makilogiramu oposa 10, yofanana ndi makina osokera zovala, ndipo sikirini yake inali ya mainchesi 5. Mu 1996 kampani ya Toshiba ku Japan inatulutsa Libretto, yosakwana kilogiramu imodzi, koma mtengo wake unali wa anthu a ndalama okha.

Maganizo akuti laputopu yaing'ono ikhalenso yochipa anafala mu 2005, pamene a Nicholas Negroponte a ku America anayambitsa nchito ya One Laptop per Child, imene inalonjeza laputopu ya madola 100 kwa ana a m'maiko osauka. Citsanzo cake cinaonetsedwa ku Tunis mu November 2005 pamaso pa a Kofi Annan, mlembi wamkulu wa United Nations panthawiyo. Makinawa, ochedwa XO-1, anayamba kupangidwa kumapeto kwa 2007. Anali ndi sikirini ya mainchesi 7.5 yowerengeka ngakhale padzuwa, ndi malo osungira zinthu a 1 GB cabe. Mtengo wake unafika pafupi ndi madola 190. Maiko a Uruguay, Peru ndi Rwanda anagula ambiri, koma ciwerengero conse sicinafike pamene oyambitsa analakalaka.

Mu October 2007 kampani ya Asus ya ku Taiwan inatulutsa Eee PC 701, yolemera magiramu 920, ya sikirini ya mainchesi 7 ndi malo a 4 GB, pamtengo wa madola pafupifupi 400. Makampani ena anatsatira, ndipo mtundu wonsewu unachedwa netbook. Patapita miyezi itatu, mu January 2008, a Steve Jobs a kampani ya Apple anatulutsa MacBook Air m'envulopu pamaso pa atolankhani. Iyo inatenga njira ina: sikirini inakhalabe yaikulu, ya mainchesi 13.3, koma thupi lake linali lopyapyala, lolemera kilogiramu 1.36. Kuti zimenezi zitheke, anacotsamo poika CD ndi kusiya bowo limodzi lokha la USB. Mtengo unali madola 1,799.

Pa njira ziwirizi, imene inakhalitsa ndi yaciwiri. Manetbook anagulidwa kwambiri mu 2008 ndi 2009, koma kubwera kwa iPad mu 2010 ndi kufala kwa malamya amakono kunawalanda msika. Pofika kuciyambi kwa 2013, Asus ndi Acer anali ataleka kuwapanga. Kampani ya Intel inali itayamba kale, mu 2011, kulimbikitsa malaputopu opyapyala a sikirini yaikulu pansi pa dzina lakuti Ultrabook.

Malire a kucepa: zala ndi maso

Zipangizo za m'kati mwa kompyuta zimacepa caka ndi caka, koma zala ndi maso a munthu sizicepa. Pa kiyibodi ya masiku onse, kucokera pakati pa batani limodzi kufika pakati pa lina pali mamilimita 19. Kuti mabatani onse akwane motere, laputopu iyenera kukhala ya masentimita pafupifupi 28 m'lifupi. Eee PC yoyamba inali ya masentimita 22.5, motero mabatani ake anali othithikana. Mwana wa sukulu anatha kuwazolowera, koma kalaliki wolemba makalata tsiku lonse anali kulakwitsa kawirikawiri.

Sikirini nayo inabweretsa vuto lake. Ya mainchesi 7 inali ya timadontho 800 m'lifupi, pamene masamba ambiri a pa intaneti anakonzedwera 1,024. Wowerenga anayenera kukankha tsamba uku ndi uku kuti aone mzera wonse. Pa cifukwa cimeneci, pasanathe zaka ziwiri manetbook ambiri anakula kufika pa mainchesi 10.

Lero malaputopu opepuka ambiri ali pa mainchesi 13 kapena 14, kukula kofanana ndi pepala la A4. Pamenepa ndi pamene zala, maso ndi cola zagwirizana. Makina a mainchesi 11 akalipo, makamaka opangidwira ana a sukulu, ndipo ndi abwino polemba manotsi. Koma mphunzitsi wolowetsa malikisi a kalasi lonse, kapena wa bizinesi wosunga maakaunti, amavutika nawo cifukwa mizera yocepa yokha ndiyo imaoneka nthawi imodzi.

Malo osungira zinthu

Malo osungira zinthu amayezedwa ndi GB. Cithunzi cimodzi ca palamya cimatenga 3 mpaka 5 MB, ndipo 1 GB ili ndi pafupifupi 1,000 MB. Kanema wooneka bwino wa ola limodzi amatenga 1 GB kapena kuposa.

Pali mitundu itatu ya zosungira imene wogula angakumane nayo.

Woyamba ndi hard disk. M'kati mwake muli timbale tozungulira nthawi 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake. Ndi yochipa ndipo imasunga zambiri, koma ndi yocedwa, imadya batire, ndipo imaopa kugwa ndi kugwedezeka. Laputopu imene yaikidwa m'cola ikali yoyaka ndi kukwezedwa minibasi pamsewu wa mabampu ili pangozi yotaya zonse.

Waciwiri ndi SSD. Iyo imasunga zinthu m'timbali ta flash, luso limene linatulukira ku kampani ya Toshiba m'zaka za m'ma 1980 motsogoleredwa ndi a Fujio Masuoka. Mulibe ciliconse cozungulira, motero ndi yofulumira, yopepuka ndi yopirira kugwedezeka. Poyamba inali yodula koopsa: mu 2008, wofuna SSD ya 64 GB m'malo mwa hard disk ya 80 GB mu MacBook Air anayenera kuonjezera madola 999. Mitengo inatsika kwambiri m'zaka zotsatira, ndipo SSD ya 256 GB kapena 512 GB inakhala ya masiku onse. Vuto lake ndi lakuti ikamafa kawirikawiri siicenjeza, ndipo kupulumutsamo zinthu ndi kovuta.

Wacitatu ndi eMMC, umene umapezeka m'malaputopu ochipa kwambiri. Nawonso ndi flash, koma wocedwerapo, wa 32 GB kapena 64 GB, ndipo ndi womatiriridwa ku bolodi lalikulu kotero kuti sungasinthidwe. Pano ndi pamene ogula ambiri amagwa. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna malo osacepera 64 GB, ndipo iyo yokha imadya oposa 20 GB. Akaikamo mapulogiramu olembera ndi zoonjezera zimene zimabwera mwezi ndi mwezi, mwini makina amatsala ndi malo ocepa zedi.

Opanga makina a malo ocepa ali ndi yankho lawo: zinthu zisungidwe pa intaneti. Ndiwo maganizo a Chromebook, imene Google inayambitsa mu 2011 ndi malo a 16 GB. Ku maiko kumene intaneti ya m'nyumba imalipiridwa pamwezi popanda malire, njira imeneyi imayenda bwino. Ku Kafue, monga m'matauni ena a dziko lino, anthu ambiri amagula mabandulo a palamya, ndipo GB iliyonse yokokedwa ndi ndalama yotuluka m'thumba. Magetsi akazima nthawi yaitali, netiweki nayo imafooka. Wophunzira amene manotsi ake ali pa intaneti pokha angapezeke kuti sangathe kuwatsegula usiku wa mayeso.

Cotero malo osungira a m'kati mwa makina ali ndi phindu lalikulu kuno kuposa kwa opanga. Mwacitsanzo, pulogiramu ya Kiwix imalola munthu kukhala ndi Wikipedia yonse ya Cingerezi, pamodzi ndi zithunzi, popanda intaneti, koma imafuna malo okwana pafupifupi 100 GB. Njira yofananayo inatsatidwa ndi kampani ya iSchool ya muno m'Zambia pa ZEduPad, tabuleti ya ana a pulaimale imene inabwera ndi maphunziro oikidwiratu m'Cingerezi ndi m'zinenero za dziko lino, kuphatikizapo Cinyanja.

Batire ndi kutentha

Pa zinthu zonse za mu laputopu yamakono, batire ndilo limatenga malo aakulu. Ndi la mtundu wa lithium-ion, umene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991. Mphamvu yake imalembedwa ndi Wh. Malaputopu opyapyala ambiri ali ndi batire la 40 mpaka 60 Wh. Masamu ake ndi apafupi: batire la 50 Wh, pa makina odya mawati 10, limakhala maola 5, pa makina odya mawati 5, limakhala maola 10.

Popeza thupi lopyapyala silingalandire batire lalikulu, akatswiri anatembenukira ku purosesa, imene ndi ubongo wa kompyuta, kuti idye magetsi ocepa. Manetbook anagwiritsa nchito Intel Atom ya mu 2008, imene inasunga batire koma inali yocedwa mpaka kutopetsa. Kusintha kwakukulu kunadza mu November 2020, pamene Apple inatulutsa purosesa ya M1, yomangidwa pa luso la ARM lofanana ndi la m'malamya. MacBook Air ya caka cimeneco inalibe fani, inali yofulumira, ndipo kampaniyo inati batire lake lingafike maola 18 poonera kanema. Mu 2024 malaputopu a Windows a purosesa ya Snapdragon X anatsatira njira yomweyo, ngakhale kuti mapulogiramu ena akale ndi makina ena osindikizira sanagwirizane nawo bwino.

Kutentha ndi mdani wa zonsezi. Thupi lopyapyala lili ndi mpata wocepa wotulutsira mpweya wotentha, ndipo purosesa ikatentha imadzicepetsa liwiro yokha. M'mwezi wa October, pamene cigwa ca Kafue cimatentha koopsa, makina oikidwa pabedi kapena pabulangeti amacedwa msanga. Fumbi limatseka timipata ta fani. Batire nalo limakalamba mofulumira likamakhala pamoto, ndipo likachajidwa kambirimbiri mphamvu yake imatsika. Maola olembedwa pa katoni ndi a batire latsopano.

Kukonzeka kwa makina ndi msika wa salaula

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuti laputopu ikhale yopyapyala, opanga ambiri amamatirira RAM ku bolodi lalikulu, amamata batire ndi guluu, ndipo ena amamatiriranso SSD. Makina otere sangakuzidwe. Kanthu kamodzi kakafa, wokonza amafunika kusintha bolodi lonse, limene mtengo wake ungayandikire wa laputopu ina.

Nkhani imeneyi ndi yaikulu kuno cifukwa anthu ambiri amagula malaputopu a salaula, ogwiritsidwapo kale nchito m'maofesi a kunja, amene amapezeka m'masitolo a pakati pa mzinda wa Lusaka. Makina a m'maofesi, monga ThinkPad, Latitude ndi EliteBook, kawirikawiri amakhala okhuthalako, koma ambiri amatseguka ndi sikuludiraiva wamba, ndipo batire, kiyibodi ndi SSD zake zimapezeka. Kulemera koonjezera kwa magiramu 300 kapena 400 kungagule zaka zingapo za moyo wa makina.

Wogula wa salaula ayeneranso kudziwa kuti kampani ya Microsoft inaleka cithandizo ca masiku onse ca Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 siivomereza mapurosesa ambiri opangidwa caka ca 2018 cisanafike. Makina akale otere angathe kupitiriza nchito bwino ndi Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, imene ndi yaulere.

Makina osakonzeka amathera kudzala. Lipoti la mabungwe a United Nations linaonetsa kuti mu 2022 dziko lonse lapansi linataya zinyalala za zipangizo za magetsi zokwana matani 62 miliyoni. Batire lotayidwa mwacisawawa litha kuyaka moto, ndipo zitsulo za m'mabolodi zikalowa m'nthaka zimafika kumadzi. Kwa tauni imene anthu ake amamwa ndi kupha nsomba mu mtsinje wa Kafue, nkhaniyi ili pakhomo.

Zimene zikuyembekezeka

Ciyembekezo coyamba cili pa batire lokhala tsiku lonse pa makina a mtengo wapakati. Luso lake lilipo kale m'malaputopu odula, ndipo monga zinacitikira ndi SSD, zimene zimayamba ndi olemera zimatsikira kwa onse pakapita zaka, makamaka zikafika pa salaula.

Caciwiri ndi chaja imodzi ya zipangizo zonse. Lamulo la European Union linaika tsiku la 28 April 2026 kuti malaputopu atsopano ogulitsidwa kumeneko azichajidwa ndi USB-C, monga linacitira ndi malamya kumapeto kwa 2024. Popeza opanga sakonda kupanga mitundu iwiri, phindu lake limafika ndi kuno. Laputopu ya USB-C ingathe kuchajidwa ndi power bank ya mphamvu zokwanira kapena ndi sola yaing'ono ya panyumba, popanda jenereta.

Cacitatu ndi sikirini yopindika, imene ingathetse mkangano wa pakati pa maso ndi cola. Lenovo inatulutsa ThinkPad X1 Fold mu 2020 pamtengo wa madola pafupifupi 2,500. Makina otere akali odula, ndipo popindikira pake ndi posalimba pamalo a fumbi.

Cacinayi ndi makina opepuka koma okonzeka. Kampani ya Framework ya ku America inaonetsa mu 2021 kuti laputopu ya kilogiramu 1.3 itha kupangidwa mwakuti mwini wake asinthe yekha batire, RAM, SSD ndi mabowo olumikizira. Izi zinatsimikizira kuti kumatirira zipangizo ndi cosankha ca opanga.

Pa mtengo wa malo osungira, ciyembekezo ciyenera kukhala cosamala. Kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM ndi flash inakwera, cifukwa makampani omanga malo aakulu a makompyuta a AI anagula zambiri. Zinthu zikadula motere, makina ochipa ndiwo amayamba kucepetsedwa malo.

Zoyenera kufunsa pogula

Munthu wa ku Kafue wofuna laputopu yopepuka angadziteteze ndi mafunso ocepa asanapereke ndalama.

Afunse ngati cosungira zinthu ndi SSD yocotseka kapena eMMC yomatirira. Pa Windows 11, malo a 256 GB ndi RAM ya 8 GB ndiwo poyambira pabwino.

Aone mphamvu yeniyeni ya batire. Windows ili ndi lipoti loonetsa mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo, ndipo wogulitsa woona mtima sakana kulitsegula. Afunsenso ngati batire lina la mtundu umenewo limapezeka ku Lusaka.

Alembe ndime yathunthu pa kiyibodi ali m'sitolo momwemo, ndi kutsegula tsamba la maakaunti kapena la malikisi kuti aone ngati maso ake akhutira.

Awerenge mabowo a USB, ndi kuona ngati pali la HDMI, limene mphunzitsi amafuna polumikiza pulojekita.

Pomaliza, asunge kope laciwiri la zinthu zofunika pa fulashi kapena pa disk yapadera imene siiyenda m'cola cimodzi ndi laputopu. Makina opepuka amanyamulika mosavuta kwa mwini wake ndi kwa mbala yomwe.

Pa zonsezi, ndondomeko yoyenera tauni ya Kafue imaika batire patsogolo, kutsatira malo osungira okwanira ndi osinthika, kenaka kiyibodi ndi sikirini zoyenera nchito ya munthuyo. Kupyapyala kumabwera pambuyo pa zimenezi.